Asanadine Install: mmene ana, achinyamata ndi akuluakulu a ku Joni amasankhira magemu a pafoni

Pa Google Play, Candy Crush Saga, Royal Match ndi Block Blast onse amaoneka aulere. Koma kampani ya King, imene inatulutsa Candy Crush mu 2012, inagulidwa ndi Activision Blizzard mu 2016 pa mtengo wa madola 5.9 biliyoni, ndipo mu 2023 Microsoft inadzagula Activision Blizzard yonseyo. Palibe angakhuthule chuma chotere pa chinthu chosabweza. Alipo amene akulipira basi. Ena amalipira ndalama, ena data, ena malo a m'foni, ena maso awo poonera zotsatsa malonda. Munthu asanaike gemu amayamba wateteza chimene iye amachiona kuti n'chodula, ndipo chodulacho chimasintha ndi msinkhu. N'chifukwa chake m'nyumba imodzi ya Amalawi ku Rosettenville kapena ku Cosmo City, mwana, mchemwali wake wamkulu, mayi awo ndi agogo akhoza kuyang'ana gemu imodzimodziyo, aliyense n'kuonapo zake.

Magemu amene tikunena pano ndi aja osalira luso la zala kapena foni yamphamvu: kulumikiza timaswiti titatu tofanana, kuyala mabuloko kuti mzere udzaze n'kufufutika, kusanja madzi amitundumitundu m'timabotolo, kupeza mawu obisika, sudoku. Levulo imodzi imatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu, chala chimodzi n'chokwanira. Si za lero ayi. Tetris anaipanga Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984, ndipo zofananitsa zinthu zitatu zinatchuka ndi Bejeweled cha mu 2001. Ambiri a ife tinayambira pa Snake wa mu Nokia 3310, koma uja ankabwera ali kale m'foni, wosadya data, wosapempha kanthu, moti panalibe chosankha.

Lero ndalama zimalowa kwa eni magemu kudzera njira ziwiri. Ina ndi kugula zinthu m'kati mwa gemu. Mu Candy Crush umapatsidwa miyoyo isanu. Ukalephera levulo umodzi wapita, ndipo kuti ubwerere pamadutsa mphindi 30. Ikatha yonse, kwatsala kudikira, kupempha anzako kapena kulipira. Malevulo ovuta amakonda kukuthera utatsala pang'onong'ono kupambana, ndipo nthawi yomweyo pamatulukira kabokosi kokugulitsa mwayi wosuntha kasanu kena. Ogula ndi ochepa pa gulu lonse la osewera, koma ena mwa ochepawo amagula kwambiri moti amanyamula kampani yonse. Njira inayo ndi timavidiyo totsatsa, nthawi zambiri ta masekondi 30, timene mwini gemu amalandirapo kangachepe tikaoneka. Tambiri timatsatsa magemu enanso. Pa tsamba la gemu iliyonse, pansi pa dzina lake, pamakhala timalemba takuti "Contains ads" (muli zotsatsa malonda) ndi "In-app purchases" (muli zogula m'kati). Owerenga timalembato ndi owerengeka.

Ndiyambe ndi anthu a zaka za pakati, kuyambira cha m'ma 25 mpaka 50, poti ndi amene achuluka pakati pathu kuno, komanso ndi amene makampani amawasaka kwambiri. Ambiri amayesa magemu a timaswiti ndi a ana, koma osewera okhulupirika, aja amafika malevulo a m'masauzande, ndi akuluakulu, makamaka amayi.

Funso lawo loyamba silikhudza kukoma kwa gemu. Amafunsa kuti, "Imasewereka popanda data?" Data ku South Africa yakhala nkhani ya mkangano kwa zaka zambiri. Mu 2016 kunali kampeni ya #DataMustFall. Mu Disembala 2019 bungwe la Competition Commission linatulutsa lipoti lonena kuti mitengo ya Vodacom ndi MTN inali yokwera mopitirira muyeso, ndipo mu Epulo 2020 bandulo ya 1GB ya mwezi inatsika kuchoka pa R149 kufika pa R99. Zinathandiza ndithu, koma munthu wa maganyu sagula bandulo ya mwezi. Amagula ya tsiku kapena ya sabata, pena ya WhatsApp yokha, malinga ndi zotsala m'thumba atalipira lendi ndi takisi. Ndipo datayo ili kale ndi ntchito yake: kuimbira kumudzi, kutumiza chithunzi cha risiti ya Mukuru, kumva za maliro ndi za mvula ku Mangochi, ku Dedza kapena ku Mzimba, kuyankha abwana. Kavidiyo kotuluka pakutha pa levulo iliyonse kamadya pa bandulo yomweyo. Kamodzi sikaoneka, koma paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndiye anthu anapeza nzeru: kuika gemu ali pa Wi-Fi ya kuntchito, kenaka kuzimitsa data posewera. Magemu ambiri a mabuloko ndi a sudoku amayenda bwinobwino chonchi, ndipo zotsatsa sizibwera chifukwa zilibe podzera. Opanga ena anazindikira, n'kukonza magemu awo kuti asatseguke popanda intaneti. Gemu yotere mlonda wa usiku ku Midrand amaifufuta tsiku lomwelo. Mayeso enieni ndi basi ya kumudzi. Ukakwera pa Park Station n'kukawoloka pa Beitbridge, simu khadi ya kuno yatha ntchito, pokhapokha ulolere mitengo ya roaming. Kudutsa Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kukafika pa Mwanza ndi ulendo woposa tsiku lathunthu, kuphatikizapo mizere ya pa maboda imene ilibe mwini. Gemu imene yamuperekeza munthu ulendo umenewo osadandaula za netiweki ndi imene dzina lake limayenda m'magulu a WhatsApp.

Kukula kwa gemu nakonso amakuyang'ana. Mafoni ambiri m'manja mwathu ndi a Itel, Tecno, Mobicel, Hisense kapena Samsung wotsika mtengo, ena a 32GB, ndipo gawo lalikulu la malowo ladyedwa kale ndi pulogalamu yoyendetsa foni komanso mavidiyo a ukwati ndi a kwaya obwera pa WhatsApp. Nambala ya MB yolembedwa pa Google Play ndi ya polowera chabe. Magemu ena ukangowatsegula koyamba amakokanso zina, kenaka amakula ndi update iliyonse. Palinso chinthu chimene sichilembedwa paliponse koma mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg amachidziwa bwino: gemu iyenera kulola kusiyidwa pakati. Adona akaitana, foni ilowe m'thumba la epuloni, ndipo pobwerera apeze timaswiti tili pomwe anatisiya. Gemu ya wotchi yothamanga siyenera moyo wotere. Ena amaganiza kuti anthu amasewera kwambiri pa mzere wa takisi. Kwina mwina, koma pa malo okwerera takisi a Bree kapena Noord munthu wodziwa tauni satulutsa foni chisawawa. Amasewera pa nthawi ya nkhomaliro, kapena usiku m'chipinda. Mu 2023, pamene kuzimitsa magetsi kwa Eskom kunafika poipa, batire nalo linalowa m'gulu la zinthu zosamalidwa, chifukwa foni yomweyo inali tochi.

Anthu a msinkhu umenewu alinso ndi mantha ena, ndipo ali ndi maziko: mayunitsi kumangotha okha. Kawirikawiri vuto silikhala gemu yeniyeniyo. Chimachitika n'chakuti chala chimakhudza chotsatsa, tsamba lina n'kutseguka, munthu n'kudina pofuna kuchokapo, osadziwa kuti walembetsa ntchito yodula marandi angapo tsiku lililonse. Malamulo a WASPA, bungwe la makampani ogulitsa ntchito zotere za pafoni, amafuna kuti munthu atsimikize kachiwiri asanayambe kudulidwa, ndipo kampani iliyonse ya netiweki ili ndi njira yoonera ndi kuthetsera zolembetsa zotere. Koma munthu akapsa kamodzi saiwala, ndipo gemu iliyonse ya zotsatsa zambiri amaiona ngati mbava.

Chodabwitsa n'chakuti anthu ochenjera chonchi pa data ndi omwenso amakodwa ndi nyambo ina: magemu olonjeza ndalama. Chotsatsa chimaonetsa munthu akuyala mabuloko, ndalama zikungogwera mu akaunti yake. Ukaika gemuyo, nambala ya ndalamazo imakwera msangamsanga masiku oyamba, koma kuti utape uyenera kufika mlingo winawake, ndipo ukamayandikira mlingowo phindu la levulo iliyonse limanka lichepa. Amene akudya ndi mwini gemu, pa timavidiyo tonse tija waonera. Mwana sangatengeke ndi zimenezi, ndipo agogo amazikayikira asanamve n'komwe. Wotengeka ndi uja ali ndi lendi kuno, fizi ndi feteleza kumudzi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene gulu lino limaluza kwambiri, chifukwa data yomwe amaiumira ija imathera pomwepa.

Ana alibe funso lililonse mwa amenewa, pa chifukwa chophweka: foni si yawo, data sagula ndi iwo. "Amayi, ndibwerekeniko foni pang'ono," ndiye kuti zayambika. Mwana wa giredi 2 kapena 3 sapita pa Google Play kukasaka gemu. Gemu ndi imene imamupeza, kudzera pa chotsatsa cha m'gemu ina imene akusewera. Amaona munthu watsekeredwa m'chipinda, madzi akusefukira, ndipo pafunika kuzula chitsulo choyenera kuti apulumuke. Dzanja la m'kavidiyoko limazula cholakwika mwadala, mwana n'kupsa mtima kuti iye akanatha. Wadina. M'gemu yatsopanoyo mulinso chotsatsa china, ndipo pofika Lamlungu m'foni muli magemu khumi, WhatsApp ikukana kulandira zithunzi. "Mwanawe, zoseweretsa zakozi zichoke zonse pompano," amatero mayi, osadziwa kuti mwanayo ambiri mwa magemuwo anawatsegula kamodzi kokha.

Anawatsegula kamodzi chifukwa zimene anaona pa chotsatsa sanazipezemo. Bodza limeneli ndi lodziwika. Mu 2020 bungwe loyang'anira zotsatsa malonda ku Britain, la Advertising Standards Authority, linaletsa zotsatsa za Homescapes ndi Gardenscapes, magemu a kampani ya Playrix, chifukwa zinkaonetsa zozula zitsulo zija pamene gemu yeniyeni kwakukulu ndi yofananitsa zinthu zitatu.

Kumayiko olemera vuto lalikulu la ana linali kugula. Mu 2014 bungwe la Federal Trade Commission ku America linachititsa Apple kubweza madola osachepera 32.5 miliyoni, ndi Google osachepera 19 miliyoni, kwa makolo amene ana awo anagula zinthu m'magemu popanda chilolezo. Kwa ife ambiri khadi la kubanki silinalumikizidwe ndi Google Play, choncho khomo limenelo ndi lotseka kale, ngakhale amene analilumikiza ayenera kuika loko yofuna pasiwedi pa kugula kulikonse. Chodetsa nkhawa kwambiri kuno ndi zimene mwana akuona. Chizindikiro cha zaka chimene chili pa tsamba la gemu chimanena za gemuyo. Magemu ambiri a nzeru sanapangidwire ana mwapadera, motero zotsatsa zake zikhoza kukhala za akuluakulu. Google ili ndi pulogalamu ya Family Link yolola kholo kuvomereza kapena kukana chilichonse mwana asanaike, koma imathandiza pamene mwanayo ali ndi foni ndi akaunti yakeyake. Pa foni yobwereka kwa amayi, Google imayesa wosewerayo ndi mayi wa zaka 38. Lamulo la South Africa loteteza zinsinsi za anthu, la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limafuna chilolezo cha kholo kapena womulera kampani isanatole zokhudza mwana, koma kampani ingadziwe bwanji kuti foni yasintha manja?

Za achinyamata sindichulutsa, poti iwonso sachedwa nazo. Kuika ndi kufufuta n'chimodzimodzi kwa iwo. Ali ndi Wi-Fi ya kusukulu, ya ku yunivesite ya Wits kapena UJ kwa amene anafikako, ya m'mamolo, choncho data siwawopsa ngati makolo awo. Chowavuta ndi malo, chifukwa gemu ya nzeru ikulimbirana ndi TikTok, zithunzi, ndi magemu akuluakulu monga Free Fire, PUBG Mobile ndi a mpira. Imalowa ngati yachiwiri, yodikirira nayo kasitomala ku saluni ya ku Yeoville kapena ku shopu ya mafoni ku Fordsburg. Chinanso ndi ulemu pamaso pa anzawo. Candy Crush amati ndi ya azimayi. Block Blast imaloledwa chifukwa pali sikoo yoti upose ya mnzako. Wordle, gemu yolota mawu obisika, inafala chonchi kumapeto kwa 2021, anthu akuonetsana timabokosi tobiriwira ndi tachikasu, mpaka The New York Times inaigula mu Januwale 2022. Mwa misinkhu yonse, achinyamata ndi amene amawerengako ndemanga za ena, ndipo ochenjera amathamangira za nyenyezi imodzi, poti m'menemo ndi mmene anthu amadandaulira za kuchuluka kwa zotsatsa.

Pomwe amaterereka ndi podzidalira. Amapatsirana magemu pa mapulogalamu otumizirana mafayilo monga Xender kapena SHAREit, kapena kukatenga pa intaneti mafayilo oikira gemu (a APK) osinthidwa, aja amati miyoyo yake siitha. Fayilo yotere sinadutse m'manja mwa Google, ndipo amene anaisintha akhoza kuikamo chilichonse. Foni yomweyo ndi imene ili ndi pulogalamu ya kubanki ndi mauthenga a nambala zachinsinsi. Gemu yoyala mabuloko ikayamba kupempha chilolezo chowerenga ma SMS kapena manambala a anzako, palibe ntchito yabwino imene ikufuna kugwira nazo.

Akuluakulu opitirira zaka 55, kaya ndi abambo amene akhala kuno zaka zambiri kapena agogo obwera kudzalera mdzukulu, sasankha gemu. Amasankha munthu. Nyenyezi za pa Google Play ndi nambala ya anthu mamiliyoni amene anaika zilibe tanthauzo kwa iwo. Funso ndi lakuti, "Wakuikira ndani?" Akamva kuti ndi mdzukulu kapena mayi mnzawo wa ku mvano, mtima umakhala pansi. Chachiwiri, makamaka kwa akulu a mpingo ndi a kumzikiti ku Mayfair, ndi chakuti, "Kodi si juga imeneyi?" Funsoli si lachibwana monga achinyamata amaliyesera. M'magemu ambiri muli timakobidi, gudumu lozungulira lopatsa mphatso, ndi mabokosi osadziwika za m'kati, zonse zobwerekedwa ku makina a juga. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ndalama zikhoza kulowa koma sizituluka.

Akalola, zofuna zawo n'zochepa koma sazisintha: zilembo zikuluzikulu, mitundu yosiyana bwino, pasakhale wotchi, pasakhale Chingerezi chambiri. Magemu otchuka a mawu ali m'Chingerezi, motero amene sanapite nacho patali amakonda a manambala, a mabuloko ndi a makhadi. Bambo amene anakulira pa bawo savutika kuona mayendedwe atatu patsogolo. Chimene chimamugonjetsa ndi ka X kotsekera chotsatsa. Kamachedwa kutuluka, kamakhala kakang'ono pakona, ndipo chala chikaphonya pang'ono foni yathamangira ku Google Play. Ambiri mwa magemu owonjezera amene mumawapeza m'foni ya agogo analowa chonchi. "Iwe, tabwera kuno, chatulukachi n'chiyaninso?" Mdzukulu wobadwira kuno, amene amawerenga Chingerezi bwino kuposa agogo ake, ndiye amasanduka mlonda wa pachipata, yemwe uja amadzaza foni ya amayi ake.

Akuluakuluwa ndi amene makampani amawagulitsa uthenga wakuti magemu amanola ubongo ndi kuteteza kuiwalaiwala kwa ukalamba. Apa pafunika kusamala. Mu Januwale 2016 kampani yopanga Lumosity, pulogalamu ya magemu onolera ubongo, inavomera kulipira madola 2 miliyoni ku Federal Trade Commission chifukwa chonena zoterezi popanda umboni wokwanira. Chodziwika n'chakuti wosewera sudoku tsiku ndi tsiku amasanduka katswiri wa sudoku. Zoti lusolo limasefukira pa kukumbukira pomwe waika makiyi, umboni wake ndi wofooka. Izi sizichotsa phindu lina: mayi wachikulire wosiyidwa yekha m'fulati ku Berea kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutali ndi munda ndi anzake, ali ndi chochita ndi manja ake. Zimenezo n'zokwanira popanda kuzikometsera ndi za ubongo.

Eni magemu amazidziwa zonsezi kuposa ife. Amalipira makampani otsatsa pa munthu aliyense amene waika gemu yawo, ndipo amayesa timavidiyo tambirimbiri kuti aone kogwira ndani: ka chipinda chosefukira kwa wina, ka nyumba yofuna kukonzedwa kwa wina, koyesa nzeru kwa wina. Amadziwanso kuti ambiri oika gemu lero sabweranso mawa. N'chifukwa chake malevulo oyamba amakhala ofewa, odzaza ndi kuwala ndi mawu okuyamikira, ndipo khoma limabwera pambuyo, munthu atazolowera. Ine ndimaona kuti chisankho chenicheni chimachitikira pa khomapo, osati podina Install. Wachinyamata amafufuta n'kuika ina. Mwana amadina chilichonse cholonjeza moyo wina. Mayi wa ku Randburg uja amaika foni pansi, kukasita malaya, n'kubwerera mphindi 30 zitakwana, ndipo akhoza kukhala pa levulo imodzi sabata yathunthu osatulutsa ngakhale senti. Agogo amapatsira mdzukulu kuti awadutsitse pamenepo.

Palinso nkhani ya akaunti, imene ku Joni ili ndi kulemera kwake chifukwa mafoni amabedwa, amasweka, kapena amatumizidwa kumudzi munthu akagula ina. Gemu ikapempha kuti uilumikize ndi Facebook kapena Google, achinyamata amalola msanga, a zaka za pakati amazengereza, akuluakulu amakana. Wokana wasunga dzina lake ndi mndandanda wa anzake kutali ndi kampani, koma foni ikapita, malevulo onse a zaka zitatu apita nayo. Wolola akagula foni ina amapitiriza pomwe analekezera, ndipo wapereka zimene kampani inkafuna kuyambira pachiyambi. Foni yopita kumudzi nayo ili ndi zake. Ambiri amaitumiza magemu ali momwemo kuti amayi azisangulukira, koma amaiwala kuchotsa akaunti yawo ya Google ndi kuzimitsa ma update odziyendera okha. Kumeneko, gemu ina ikadzakana kutseguka mpaka itakonzedwanso, idzafuna bandulo ya Airtel kapena TNM, ndipo uthenga wopempha mayunitsi udzabwera kwa yemwe anatumiza foniyo.